Momwe mungasewerere magemu ndi mahedifoni osawononga makutu

Mu PUBG Mobile, Free Fire kapena Call of Duty Mobile, amene wayamba kumva mapazi a mnzake ndiye amapulumuka. Aliyense wosewera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake chala chimathamangira kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Vuto ndi lakuti batani lomwe likukweza mapaziwo likukwezanso mfuti ndi mabomba, ndipo opanga magemu amapanga dala kuti mfuti izimveka mwamphamvu kwambiri kuposa mapazi. Ndiye pofuna kumva kaphokoso kakang'ono ka munthu amene akukwera masitepe, mukulola kuti chipolopolo chilichonse chiziphulikira m'khutu mwenimweni, usiku uliwonse.

Mu January 2024 magazini ya zaumoyo ya BMJ Public Health inatulutsa kafukufuku amene anasonkhanitsa zofufuza 14 zochokera m'mayiko 9, zokhudza anthu oposa 50,000. Anapeza kuti phokoso limene osewera ambiri amamva limafika pa malire ovomerezeka kapena kuwapitirira, ndipo pali mgwirizano pakati pa kusewera magemu ndi kulira kwa m'makutu komanso kuchepa kwa kumva. Mu March 2025 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi bungwe loona za mauthenga ndi kulumikizana padziko lonse la ITU anatulutsa ndondomeko yapadera yoteteza makutu a osewera magemu. Yambiri mwa ndondomekoyo ndi ntchito ya makampani opanga magemu ndi zipangizo. Zimene zili m'munsizi ndi zimene mungachite nokha lero.

Poyamba, dziwani bandulo ya makutu anu

Mphamvu ya phokoso amayeza ndi madesibelo, mwachidule dB. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa 60 dB kapena pamenepo. WHO imati munthu wamkulu angamvere phokoso la 80 dB kwa maola 40 pa sabata osavulaza makutu. Kwa ana malire ake ndi 75 dB kwa maola 40 omwewo.

Zili ngati bandulo ya intaneti ya pa sabata: mukamatsegula zolemera imatha msanga. Chodabwitsa n'chakuti imatha mwamsanga bwanji. Mukangowonjezera 3 dB, nthawi yanu imadulidwa pakati. Pa 83 dB muli ndi maola 20, pa 86 dB maola 10, pa 89 dB maola 5, pa 92 dB maola awiri ndi theka. Mukafika pa 98 dB mwatsala ndi mphindi 38 zokha pa sabata yonse, osati pa tsiku. Mafoni ambiri akalumikizidwa ku mahedifoni n'kukwezedwa mpaka kumapeto amapitirira 100 dB.

Chimodzi mwa zofufuza zomwe zinawunikidwa mu kafukufuku uja chinayeza magemu owomberana kudzera m'mahedifoni ndipo chinapeza phokoso la pakati pa 85 ndi 91 dB. Tsono werengani nokha. Amene amasewera maola awiri usiku uliwonse amakwanitsa maola 14 pa sabata. Pa 89 dB bandulo yake imakhala itatha pofika Lachitatu. Ndipo bandulo yake ndi imodzi yomweyo: nyimbo za m'minibasi, zokuzira mawu za kutchalitchi, ukwati wa Loweruka, chigayo ngati mumagwira kumeneko, zonse zimadya pamenepo.

Chimene chimawonongeka chili mkatikati mwa khutu, m'kachiwalo kopindika ngati nkhono. Muli timaselo tokhala ndi titsitsi, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse, timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likachuluka timatopa, likapitirira timafa. Tikafa sitimeranso, ndipo mpaka pano palibe mankhwala, jakisoni kapena opaleshoni yotibwezeretsa.

Chachiwiri, ikani malire pa foni musanayambe kusewera

Musadalire mtima wanu kuti mudzatsitsa voliyumu masewera ali mkati. Mwatsala awiri m'bwalo lomaliza, simungakumbuke za makutu. Malirewo aikeni mutu uli bwino.

Pa iPhone pitani ku Settings, kenako Sounds & Haptics, kenako Headphone Safety. Yatsani pamene pakunena zochepetsa mawu okwera ndipo musankhe 80 dB, kapena 75 dB ngati foniyo amaseweretsa mwana. Pulogalamu ya Health imakuwonetsaninso mmene mwamverera sabata yonse, ngakhale kuti manambala ake amalondola kwambiri ndi mahedifoni a Apple kuposa ena.

Pa Samsung pitani ku Settings, Sounds and vibration, Volume, dinani timadontho titatu tapamwamba, musankhe Media volume limit. Pamenepa mungathe kuikanso PIN kuti mwana asasinthe.

Mafoni ena a Android amasiyanasiyana. Fufuzani pa Sound. Ngati mulibe poikira malire, gwiritsani ntchito chenjezo lomwe foni imatulutsa mukakweza kwambiri, lija ambiri timangodina OK osawerenga. Pamene chenjezolo latulukira, pamenepo ndiye pothera panu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti voliyumu isapitirire 60 peresenti. Si lamulo lolondola ndendende, chifukwa mahedifoni ena amalira kwambiri kuposa anzake pa 60 yemweyo, koma n'poyambira pabwino.

Pali kayezedwe kena kosafuna chipangizo. Muli ndi mahedifoni m'makutu, munthu aime patali ngati kutalika kwa mkono wanu, alankhule monga mwa nthawi zonse. Ngati simukumumva mpaka atakuwa, tsitsani. Ngati iye akumva mfuti za m'gemu yanu ali pomwepo, tsitsani kwambiri.

Chachitatu, konzani mawu mkati mwa gemu momwemo

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri sapalowa n'komwe. Mukangotsitsa voliyumu ya foni osasintha china chilichonse, mapazi aja asowa, mufa kawiri katatu, kenako mukweza. Cholinga n'chakuti zofunika zizimveka voliyumu ili pansi.

Tsegulani Audio kapena Sound m'gemu. Magemu ambiri amasiyanitsa nyimbo, mawu a zochitika, ndi mawu a anzanu olankhula nawo. Nyimbo zimitsani kapena zitsitseni kwambiri. Sizikuthandizani kupambana, zimangodzaza khutu. Mawu a anzanu aikeni pokwanira kumva basi. Timu iliyonse ili ndi mmodzi amene amakuwa akawomberedwa, kapena amene maikolofoni yake imatola wailesi ndi agalu a kwawo. Ameneyo m'tsitseni payekha ngati gemu ikulola, kapena m'tsekeni pakamwa mpaka masewera atha. Mudzagwirizana pambuyo pake.

Kenako fufuzani pamene palembedwa Dynamic Range kapena Night Mode. Izi zimachepetsa kusiyana kwa mawu otsika ndi okwera: mapazi amakwera pang'ono, kuphulika kumatsika. Rainbow Six Siege ili ndi Night Mode, ndipo osewera ambiri amaisankha pofuna kupambana, osati n'cholinga choteteza makutu, komabe imathandiza zonse ziwiri. Pa kompyuta ya Windows muli Loudness Equalization, imene imapezeka pa zosintha za chipangizo cha mawu pa makompyuta ambiri, ndipo imagwira ntchito yofananayo pa gemu iliyonse. Chenjezo limodzi: mukayatsa zimenezi tsitsani voliyumu yonse. Mukaisiya pomwe inali, phokoso lonse likhala lokwera mosalekeza ndipo simunapindule kanthu.

Maso nawo angathandize makutu. Fortnite ili ndi Visualize Sound Effects, imene imawonetsa pa sikirini mbali yomwe mapazi kapena mfuti zikuchokera. PUBG Mobile imaika zizindikiro za mapazi ndi kuwombera pa kamapu kakang'ono ka pakona. Ena amati kudalira zimenezi n'kusowa luso. Asiyeni anene, opanga gemu anaziikamo kuti zigwire ntchito.

Magemu ena amatulutsa dala kaphokoso kakuti tswiii bomba likaphulika pafupi nanu, kutsanzira mmene khutu limalirira. Magemu atsopano a Call of Duty ali ndi posankha pochepetsera kaphokosoka, palembedwa Reduce Tinnitus Sound. Yatsani.

Okonda mpira wa EA Sports FC kapena eFootball, inu zanu n'zophweka. Palibe mdani wokubisalirani. Tsitsani phokoso la ochemerera ndi wowulutsa, kapena vulani mahedifoni muzimvera pa TV.

Chachinayi, thanani ndi phokoso la pamalo pamene muli

Nthawi zambiri munthu sakweza chifukwa chokonda phokoso koma chifukwa akupikisana ndi lina. Magetsi azima, jenereta ya aneba yayamba kubangula kuseri kwa zenera, basi chala chapita pa batani. M'minibasi chimodzimodzi. Pamalo osewerera PlayStation pomwe ma TV anayi akulira nthawi imodzi, anyamata akukuwa, ndiye zimanyanya.

Timahedifoni tolimba tija tongokhala pakhomo pa khutu, totchipa ta pamsika, timalowetsa phokoso lonse la panja, ndiye timakukakamizani kukweza. Tokhala ndi timphira tofewa totseka bwino khutu n'tabwinoko, bola kamphirako kakukwaneni. Mahedifoni aakulu ophimba khutu lonse amatchinganso bwino. Ochotsa phokoso la panja, olembedwa ANC, amathandiza kwambiri pa phokoso losalekeza ngati la injini, koma ndi odula, ndipo musaganize kuti akutetezani okha. Phindu lawo ndi lakuti mungathe kutsitsa. Mukapanda kutsitsa, mwangotaya ndalama. Musayende nawo mumsewu, galimoto kapena njinga yamoto simuimva.

Mukakhala nokha m'nyumba pa gemu yosafuna kumva komwe mdani akuchokera, sipika ya foni ndi yokwanira.

Pamalo osewerera, hedifoni imodzi imadutsa pamitu yambiri. Musanavale, tsitsani kaye voliyumu mpaka pansi, chifukwa simukudziwa pomwe anaisiya mnzanu uja, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Timahedifoni tolowa m'khutu musabwerekane, makamaka ngati wina khutu lake likutuluka mafinya.

Chachisanu, pumulitsani makutu

Pakatha ola limodzi, vulani kwa mphindi 10 pamalo opanda phokoso. Nthawi yodikira gemu ina kuyamba ndi yabwino pa zimenezi. Kupumula kwake si kusintha kuchoka pa gemu kupita pa nyimbo.

Pali chinyengo china cha khutu choyenera kuchidziwa. Mukasewera nthawi yaitali, voliyumu imene poyamba inali yokwanira imayamba kumveka yotsika. Foni sinasinthe, makutu ndi amene atopa. Imeneyo ndi nthawi yovula, osati yokweza.

Chachisanu ndi chimodzi, zindikirani zizindikiro

Mukavula mahedifoni n'kumva kulira m'makutu, kapena mawu a anthu akumveka ngati akuchokera m'chipinda china, mwapitirira malire tsiku limenelo. Kawirikawiri zimatha pakapita maola angapo kapena tsiku, ndipo n'chifukwa chake anthu amazinyozera. Koma kutha kwa kulirako sikutanthauza kuti zonse zabwerera mwakale. Kubwereza zomwezo mlungu ndi mlungu ndiko kumasiya chilema chokhalitsa, ndipo kwa ena kulirako kumadzakhazikika osachokanso, kumasowetsa tulo usiku kukakhala zii.

Phokoso limayamba kuwononga mawu opyapyala, a cha pa 4,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kupyapyala kapena kukhuthala kwa mawu). Ndiye munthu sazindikira msanga, chifukwa mawu amawamvabe, kungoti sakumveka bwinobwino. Zilembo ngati s, f ndi t zimayamba kusokonekera. Pawiri m'nyumba mumamvana bwino, koma pamsika, m'kalasi kapena pagulu mumangoti "mwati bwanji?" pafupipafupi. Kwa wosewera, mawu opyapyalawa ndi amenenso amathandiza kudziwa komwe phokoso likuchokera.

Kulira kwa m'makutu sikuchokera ku phokoso kokha. Mankhwala ena monga kwinini ndi jakisoni wa gentamicin angakubweretse, phula lodzaza m'khutu nalonso. Musasiye mankhwala panokha, koma auzeni adokotala. Musatokose m'khutu ndi machesi kapena nthenga.

Pomaliza, kayezetseni

Pulogalamu yaulere ya WHO yotchedwa hearWHO, imene inatuluka mu 2019, imakuwerengerani manambala atatuatatu mkati mwa phokoso, inu n'kumalemba omwe mwamva. Imatenga mphindi zochepa. Si yolowa m'malo mwa chipatala, koma imakuwonetsani ngati pakufunika kupita.

Pitani kuchipatala ngati kulira kwa m'makutu kwapitirira masiku angapo, ngati khutu likuwawa kapena kutuluka mafinya, kapena ngati abale ayamba kudandaula kuti simukuwamva. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vuto limeneli amagwira bwino akayambidwa m'masiku oyambirira. Ku Blantyre kuli chipatala choyeza makutu pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College, ku Area 47. Ngati muli kutali, yambirani pa chipatala cha boma lanu, akutumizani koyenera. Kuyezako sikupweteka: amakuvekani mahedifoni m'kachipinda kopanda phokoso, inu n'kumadina batani kapena kukweza dzanja mukamva kamawu.

Makolo, mwana sanganene kuti makutu ake akulira ngati sakudziwa kuti n'chinthu chonena. M'funseni mwachindunji akamaliza kusewera. Valani mahedifoni akewo mumve nokha pomwe waika, kenako muike malire a 75 dB kapena PIN ija. Mahedifoni ena opangira ana amalembedwa kuti sapitirira 85 dB, koma 85 dB ili pamwamba pa malire a mwana, ndiye ngakhale ndi amenewo muziwerengabe maola.