Galu wa Ubweya Wamafuta Wonunkha: Kusambitsa Kokha Sikukwanira

Oweta agalu ambiri amabwera ndi dandaulo limodzi: "Ndamusambitsa dzulo lomweli, nanga lero wayambiranso bwanji kununkha?" Ine ndimangowauza kuti amusisite pamsana kenako ayang'ane m'manja mwawo. Zala zimatsala zikunata mafuta, fungo lake losasa, ndipo silichoka msanga ngakhale musambe m'manja. Galu wotere sanagudubuzike m'zonyansa ayi. Fungolo likuchokera pakhungu lake lomwe.

Pa muzu wa ubweya uliwonse pali kathumba kotulutsa mafuta oteteza khungu. Mafutawa akachuluka amasanduka chakudya cha yisiti yotchedwa Malassezia ndi mabakiteriya, tizilombo timene timakhala kale pakhungu la galu aliyense. Tikapeza chakudya chambiri timaswana, n'kumavunditsa mafutawo, ndiye fungo lija. Madokotala a ziweto amalitcha vutoli seborrhea. Agalu a mitundu ina, monga Cocker Spaniel, Basset Hound ndi West Highland White Terrier, amachita kubadwa nalo, ndipo limaonekera akadali aang'ono, nthawi zambiri asanafike zaka 2.

Koma agalu ambiri sabadwa nalo. Pamakhala china chimene chikusokoneza khungu: nthata, mphere, chakudya kapena fumbi limene thupi lake silikugwirizana nalo, kunenepa mopitirira muyezo, ngakhalenso chithokomiro chofooka. Galu wamkulu amene wayamba kununkha posachedwa, akungogona, akunenepa chonsecho akudya monga kale, ubweya ukuthothoka m'mbali ndi kumchira, ameneyo ngofunika kukamuyeza magazi, sopo sangamuthandize. Amene akungodzikanda ndi kudziluma pamwamba pa mchira, yambani mwafufuza nthata. Pesani ubweya atayima pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikagwa n'kusungunuka mofiirira, ndi ndowe za nthata zimenezo.

Tsopano za kasambitsidwe, chifukwa apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Shampu ya anthu muisiye. Khungu lathu ndi la asidi kuposa la galu, ndipo shampu yathu imaumitsa ndi kuyabwitsa khungu lake. Sopo wochapira zovala ndiye musayerekeze n'komwe. Funani shampu ya agalu yamankhwala, ndipo werengani zimene zalembedwa pa botolo. Ya benzoyl peroxide imachotsa mafuta kwambiri, koma imasuwitsa nsalu, choncho musavale chovala chimene mumachikonda. Ya chlorhexidine yosakaniza ndi miconazole imapha mabakiteriya ndi yisiti. Ya sulfur ndi salicylic acid ndi yofatsa, imathandiza pa mfundu.

Yambani mwapesa galu kuti ubweya wakufa uchoke. Ngati ndi wa ubweya wautali, umeteni pang'ono kuti mankhwala afike pakhungu. Munyowetseni ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Pakani shampu mukuyambira pamene pavuta kwambiri, ndiko m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa khosi, pakati pa zala ndi m'makwinya a khungu. Thovu likakwanira, lisiyeni mphindi 10. Muziyang'ana wotchi, chifukwa mphindi 10 ndi galu wonyowa amene akufuna kuthawa zimatalika, ndipo ambiri amatsukuluza pakangotha mphindi 2 n'kumati mankhwala ndi achabechabe. Mankhwala sanalakwe, sanapatsidwe mpata. Mukhoza kumamusisita kapena kuyenda naye pang'ono, bola asanyambite thovulo ndipo lisalowe m'maso.

Tsukuluzani mpaka madzi ayere, ubweya usiye kuterera. Kenako mpukuteni aumiretu mpaka pakhungu. Yisiti imakonda malo ofunda achinyezi, choncho galu wosiyidwa wonyowa m'khwapa ndiye kuti mwamubwezera pomwe anali. Chitani zimenezi kawiri pa sabata kwa masabata 3 kapena 4.

Nthawi zina thupi lonse limanamiziridwa pomwe fungo likuchokera malo amodzi. Tukulani khutu mununkhize. Mukapezamo phula lakuda lonata, galu akupukusa mutu, pukutani ndi thonje ndi mankhwala otsukira makutu a agalu, osalowetsamo kamtengo. Fungo ngati la nsomba yowola, galu akukhwekhwereza matako pansi, ndi timatumba tiwiri ta m'mbali mwa kotulukira chimbudzi tadzaza. Timeneto akakufinyireni wodziwa. Musaiwalenso m'kamwa, mano owola amanunkha koopsa.

Pogona pake muzichapa sabata iliyonse ndi madzi otentha n'kuyanika paume bwino. Lamba wa m'khosi nayenso amamwa mafuta. Ndinaonapo galu wosambitsidwa bwinobwino akununkhabe, kumuvula lamba wansalu fungo lonse linali momwemo.

Mafuta a nsomba okhala ndi omega-3 amathandiza khungu, koma amatenga masabata angapo kuti muone kusintha, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa galu, choncho funsani dokotala wa ziweto. Perefyumu amangophimba fungo kwa maola ochepa. Mafuta a mtengo wotchedwa tea tree osasungunula ndi poizoni kwa galu. Ngati pakhomo pali mphaka, samalani ndi mankhwala a nthata okhala ndi permethrin, chifukwa amapha amphaka.

Pakatha mwezi mukutsata zonsezi, khungu liyenera kukhala litayamba kuyera, ndipo mukhoza kuchepetsa kusambitsa kufika kamodzi pa sabata kapena pa masabata 2. Koma mukaona zilonda, mafinya, khungu likuda ndi kukhuthala ngati la njovu, kapena fungo silikusintha, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Iye amatenga zapakhungu ndi kaselotepi n'kuziunika pa maikulosikopu kuti adziwe ngati ndi yisiti, mabakiteriya kapena mphere, ndipo mwina galuyo angafunike mankhwala akumwa. Wobadwa nalo vutoli sachira kotheratu, amafunika kumusambitsa ndi shampu yamankhwala moyo wake wonse.