Momwe mungaonere mzinda wa Utrecht pa tsiku limodzi

Ambiri akamva za ngalande za ku Netherlands amangoganiza za Amsterdam. Ine ndimati ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, kwerani sitima mupite ku Utrecht. Kuchokera ku Amsterdam Centraal kapena pa bwalo la ndege la Schiphol ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 30 basi, ndipo mzindawu uli ndi chinthu chomwe Amsterdam alibe: madoko apansi m'mbali mwa ngalande, pomwe munthu amakhala pampando madzi ali pafupi ndi phazi.

Yambani ndi kusankha tsiku. Loweruka ndiye labwino chifukwa kumakhala misika. Lolemba mulipewe, nyumba zambiri zoonetsera zinthu zakale zimakhala zotseka. Tikiti ya sitima isakuvuteni mutu: khadi ya ku banki yongogunditsa pa makina imagwira ntchito, bola mugunditse polowa ndi potuluka pomwe, khadi yake yomweyo. Khadiyo muisunge pafupi, chifukwa mashopu ena salandira ndalama zapamanja.

Mukatsika pa Utrecht Centraal, musathamangire kunja. Pansi pa bwalo la siteshoniyi pali malo oimikapo njinga zakapalasa okwana 12,500. Pamenepo mudzamvetsa kuti mwafika kwa eni njinga. Msewu wopaka utoto wofiira ndi wawo. Osaimapo kujambula zithunzi, osayendamo. Anthuwa amapalasa mwaliwiro, ena atanyamula ana awiri m'bokosi lakutsogolo, ndipo belu likalira ndiye kuti afika kale pamsana panu.

Dutsani m'misika ya Hoog Catharijne, muwoloke ngalande ya Catharijnesingel. Imani pang'ono pa mlatho. Madzi mukuwaonawo anawakwirira m'zaka za m'ma 1970 n'kumangapo msewu waukulu wa magalimoto. Anthu a mumzindamo sanakondwe nazo, msewuwo unagumulidwa, ndipo mu 2020 madzi anabwerera, n'kuzunguliranso mzinda wakale wonse.

Ngati ndi Loweruka, yambirani pa Breedstraat m'mawa, pomwe pamakhala msika wa nsalu wotchedwa Lapjesmarkt, womwe wakhalapo zaka zoposa 400. Umatha masana, ndiye musazengereze. Wa maluwa uli pa Janskerkhof, pamtunda woyenda pansi mphindi zochepa.

Kenako lunjikani ku nsanja ya Dom. Simungasochere, imaoneka paliponse. Ndi yotalika mamita 112, nsanja ya tchalitchi yaitali kuposa zonse m'dzikolo, ndipo inamangidwa kuyambira 1321 mpaka 1382. Kukwera kwake ndi pagulu, ndi wokutsogolerani, choncho gulani tikiti pa intaneti dzulo lake. Masitepe ndi 465, opapatiza ndi okhotakhota, koma mumapumira m'zipinda za m'njira, kuphatikizapo cha mabelu. Valani nsapato zogwira bwino komanso jekete, pamwambapo mphepo yake si yamasewera. Mukasuzumira pansi mudzaona chodabwitsa: nsanja ili payokha, tchalitchi chili uko, pakati pali bwalo. Zinali zolumikizana, koma chimphepo cha mu 1674 chinagwetsa gawo lapakati la tchalitchicho, ndipo silinamangidwenso. Pansi pa bwalo lomwelo pali DOMunder, komwe amakupatsani tochi n'kukaona zotsalira za linga la Aroma lomwe mzindawu unayambirapo. Ngati miyendo yatopa, lowani m'kamunda ka Pandhof pambali pa tchalitchi, mupume mwaulere.

Tsopano ndiye pamene pagona ulendo wonse. Pitani ku Oudegracht, ngalande yakale yodutsa pakati pa mzinda, ndipo mukaona masitepe otsikira kumadzi, tsikani. Alendo ambiri amangoyenda pamwamba, n'kujambula pa mlatho, n'kumapita. Amaphonya. Pansipo pali njira ina, ndipo m'khoma muli zitseko za zipinda zolowera pansi pa msewu mpaka kunsi kwa nyumba za amalonda akale. Bwato linkafika ndi katundu, ankatsitsira padoko, n'kukankhira m'chipinda, osakwera naye mtunda. Lero zipindazo ndi malesitilanti ndi mogwirira ntchito amisiri. Khalani patebulo lina pansi pa mtengo, muitanitse tiyi ndi chitumbuwa cha maapulo. Phokoso la mumsewu limamveka kutali, bakha akusambira pafupi ndi mwendo wa tebulo, njinga zikudutsa pamwamba pa mutu wanu. Musachokepo msanga. Kumpoto kwa ngalandeyi kumadzaza anthu. Mukayenda chakummwera kumakhala bata.

Masana kwerani boti lozungulira mzinda, lomwe limatenga pafupifupi ola limodzi. Amene ali ndi mphamvu angabwereke kabwato kopalasa okha, koma azikhala mbali ya kumanja ndi kupatukira maboti aakulu pa milatho.

Nthawi ikatsala, sankhani malo amodzi, osati atatu. Muli ndi ana? Museum Speelklok, komwe kuli makina oimba okha nyimbo, ndipo amawaliza inu mukuona. Okonda zomangamanga apite ku Rietveld Schröderhuis, nyumba ya mu 1924 yomwe ili pa mndandanda wa malo a mbiri wa bungwe la UNESCO; imeneyi njofunika kusungitsiratu malo. Akatolika angakonde kudutsa pa Paushuize, nyumba yomwe anamangitsa Adrian VI, mwana wa mumzindawu yemwe anakhala Papa mu 1522 koma anamwalira ku Roma asanagonemo.

Kukada, musafulumire kubwerera ku siteshoni. M'milatho ndi m'tinjira tina ta pansi amayatsamo magetsi okongoletsa otchedwa Utrecht Lumen (kale ankatchedwa Trajectum Lumen), ndipo kuona kwake n'kwaulere. Sitima zobwerera ku Amsterdam zimayenda mpaka usiku, mungoona nthawi yake pa app ya NS, kampani ya sitima ya m'dzikolo, musanayambe kuyenda.