Momwe mungakagonere kunyanja ndi galu wanu kuchokera ku Dedza

Kwa ife a ku Dedza nyanja siili kutali. Mukanyamuka pa boma m'mamawa, n'kukhota pa Masasa kutsika msewu wa Khwekhwerere, dzuwa lisanakwere mumakhala muli pa Golomoti. Pamenepo mutha kulowera ku Mtakataka ndi Salima, kapena kutsata msewu wa ku Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear. Ine ndimapita ndi galu wanga n'kukagona m'tenti, ndiye nazi zomwe ndimachita.

Choyamba, katemera wa chiwewe. Pitani kwa alangizi a ziweto akambaye galuyo pakadali milungu ingapo ulendo usanafike, ndipo kakhadi komwe akupatseniko muyende nako m'thumba. Mufunsenso komweko za chikalata choyendera ndi chiweto, chifukwa pa rodibuloko atha kukufunsani. Koma samalani ndi anthu oyenda ndi kachikwama m'misika amati akubaya agalu motchipa. Katemera amafunika kusungidwa pozizira, ndiye amene wakhala tsiku lonse padzuwa atha kuchepa mphamvu. Chimodzimodzinso mankhwala a nkhupakupa othiridwa m'kabotolo kopanda dzina, asiyeni, ena amakhala a m'dimba.

Chachiwiri, malo ogona. Lake Malawi National Park ya ku Cape Maclear, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndi paki ya boma, ndipo m'mapaki a boma salola ziweto. Choncho tenti yanu mukamange pamalo a anthu wamba kunja kwa malire a paki. Imbani foni musananyamuke, munene poyera kuti mukubwera ndi galu. Eni malo ena amakana chifukwa ali ndi agalu awo olondera, ena amalola koma amawonjezera kangachepe. Mitengo imasinthasintha, ndiye mugwirizane pafoni pomwepo.

Tsiku la ulendo galu musamudyetse m'mawa, makona a Khwekhwerere amamusanzitsa. Za minibasi iwalani, kondakitala sangalole, pezani galimoto. Mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi gulani kumtunda konkuno, kunyanja zimadula. Tengani zigubu za madzi zokwanira, pakuti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamene nyanja siifika n'komwe pa mamita 500, ndipo galu wozolowera chisanu cha kwathu amavutika ndi kutentha. Ikani dzanja pamchenga masana: ngati mukupsa, mapazi akenso apsa.

Tsopano nkhani yomangirira, pomwe ine zinandivuta. Chingwe chomwe ndinagula kwa wavenda wina chinali cha nayiloni, chowala bwino, ndipo anandilumbirira kuti chimagwira ndi ng'ombe yomwe. Madzulo ndinamangirira galu ku mtengo pafupi ndi tenti, tonse n'kugona. Kunyanja usiku sikukhala zii ngati kumudzi. Asodzi a chilimira amakhala pamadzi ndi nyali zawo, ndipo m'bandakucha amakocheza, amayi n'kuyamba kuyanika usipa pamathandala. Fungo limenelo galu sangalipirire. Anatafuna chingwe chija mpaka kuduka, ine ndili mtulo.

Chinandidzutsa ndi phokoso. Ndinapeza galu atazingidwa, mnyamata wina atanyamula nkhafi, usipa uli mbwee pamchenga chifukwa galuyo pokwera anagwetsa mbali imodzi ya thandala. Mayi mwini nsombazo anangoti, “Bambo, galuyu ndi wanu? Ndiye mwagula usipa wonsewu.” Usipa ukalowa mchenga mtengo wake umatsikiratu, ndiye nkhani siinali ya zomwe galu anadya zokha. Anatithandiza ndi mkulu wina wa komiti ya padoko, yemwe anayeza nsomba zowonongekazo ndi kandowa, ine n'kulipira pamtengo wa tsiku limenelo. Ndalama ya mafuta obwerera inathera pomwepo.

Ndiye gulani unyolo, osati chingwe. Ukhale ndi kachitsulo kozungulira pakhosi kuti usapotane, ndipo pogula muukoke mwamphamvu muone ngati polumikiza sipakutseguka, chifukwa wina wotchipa umangoongoka. Kolala ikhale yoti zala ziwiri zokha zilowe. Chikhomo cha tenti sichigwira mumchenga, ndiye mangirirani ku mtengo weniweni, pomwe mthunzi sumachoka masana onse. Musanamange tenti yendani kaye muone komwe kuli mathandala, nkhuku ndi mbuzi za anthu, kenako mutalikire. Mupatseni chakudya chokwanira madzulo, ndipo ngati tenti ndi yayikulu agone mkati ndithu. Ine ndimadzuka asodzi asanakocheze n'kuyenda naye ali paunyolo kulowera mbali yopanda anthu.

Za tsikulo sizovuta. Sambirani m'mawa ndi madzulo, masana khalani pamthunzi. Funsani eni dera komwe kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo pa bango kapena pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja galu asayandikire. Anyani a ku Cape Maclear musawaderere, amatha kumung'amba galu, komanso amaba chakudya mukangotembenuka. Nyengo ya mwera, cha mu Juni ndi Julayi, tsamizani tenti ndi miyala kapena matumba a mchenga. Ndowe za galu kwirirani kutali ndi madzi, anthu amatunga ndi kuchapa pomwepo.

Pobwerera nyamukani kusanatenthe, galimoto isakawire pokwera Khwekhwerere. Mukafika musakeni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo inuyo ngati munasambira mukafunse kuchipatala za mankhwala a likodzo.