Kuchepetsa Kusakanikirana kwa Mankhwala Pokonza Minofu mu Labotale

Kachidutswa ka mnofu kochotsedwa pa wodwala kasanafike pa maikulosikopu, kamadutsa m'mabotolo angapo motsatizana: formalin woteteza kuti kasawole, ethanol wochotsa madzi, xylene wochotsa ethanol, kenako phula (longa lopangira makandulo, lolimbitsa mnofu kuti udulike) losungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60. Kaseti, kabokosi ka timabowo kosungiramo mnofuwo, ikamachoka m'botolo lina kupita m'linzake siipita yokha ayi, imanyamula timadontho ta mankhwala a m'mbuyo m'mabowo ake, pa basiketi yonyamulira makaseti ndiponso m'kati mwa mnofu momwemo. Timadontho timeneti sitingatheretu, koma mukatilekerera tiunjikane, mankhwala a kumapeto amasiya kugwira ntchito yawo ngakhale botolo likuoneka lodzaza bwinobwino.

Mdani wamkulu pa ntchito imeneyi ndi madzi. Xylene sasakanikirana ndi madzi, choncho ngati ethanol womaliza, amene amayenera kukhala wa 100 peresenti, walowedwa madzi ochokera m'mabotolo a m'mbuyo, mnofu umalowa mu xylene ukadali wonyowa pakati. Chizindikiro choyamba ndi xylene amene wachita mbuu ngati mwathiramo mkaka. Chizindikiro chachiwiri mumachiona mochedwa, muli pa microtome, makina odulira mnofu mopyapyala kwambiri: m'mbali mwa mnofu mukudulika bwino koma pakati pali pofewa, mpeni ukungophwanya m'malo motulutsa tizigawo ta mamaikuloni 3 mpaka 5 (mamaikuloni 1,000 amapanga milimita imodzi), ndipo pakapita masiku ochepa pakati pa buloko, lomwe ndi phula louma lokhala ndi mnofuwo, pamalowa m'kati. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kusintha mpeni, chikhalirecho vuto linayambira m'botolo usiku wathawo. Nalonso phula likalowedwa xylene wambiri limafewa ndipo limamveka fungo lake, moti buloko silimalimba ngakhale mutaliika pa ayezi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanyamula mankhwala kuposa makaseti enieniwo, ndicho timasiponji timene timaikidwa m'kaseti kuti tizidutswa ting'onoting'ono tisatayike. Siponji imamwa formalin n'kumutulutsa pang'onopang'ono m'mabotolo otsatira, ndipo makaseti makumi angapo okhala ndi masiponji awiriawiri amadetsa ethanol msanga kuposa mmene ndandanda yanu ikusonyezera. Ngati n'kotheka, gwiritsani ntchito makaseti a timabowo ting'onoting'ono kapena pepala lopyapyala lokulungira mnofu, ndipo tsiku limene masiponji achuluka muziliwerengera ngati la katundu wolemera. Kunenepa kwa mnofu nakonso kumawonjezera vutoli, n'chifukwa chake tizidutswa tisapitirire mamilimita 3 kapena 4, makamaka ta mafuta ngati ta bere, timene timasiya mafuta ambiri mu xylene.

Samalaninso pa malire a formalin ndi ethanol woyamba. Formalin wa 10 peresenti amene ali ndi mchere wa phosphate akakumana ndi ethanol woposa 70 peresenti, mcherewo umatuluka n'kukhala timibulu toyera timene timatseka mapaipi a makina okonzera minofu komanso kukanda mnofu podula. Choncho ethanol woyamba asapose 70 peresenti, ndipo mapaipi azitsukidwa ndi madzi ofunda motsatira malangizo a amene anapanga makinawo. Pa makina amene amanyamula basiketi kuchoka m'botolo kupita m'linzake, ipatseni nthawi yokwanira kuti idonthe isanamizidwenso, ndipo musapanikize makaseti mopitirira muyeso wa basiketi, chifukwa mankhwala amatsakamira pakati pawo.

Posintha mankhwala, simufunika kutaya mabotolo onse nthawi imodzi. Pa gulu lililonse, kaya la ethanol wa 100 peresenti, la xylene kapena la phula, tayani botolo loyamba popeza ndilo lada kwambiri, sendezani otsalawo kuti lachiwiri likhale loyamba, ndipo mankhwala atsopano aikeni pamalo omaliza. Kungothira mankhwala atsopano pamwamba pa akale kuti botolo lidzaze sikusintha ayi, chifukwa madzi amene analowamo amakhala akadali momwemo. Ine ndimalimbikitsa kuti nthawi yosinthira izidalira kuchuluka kwa makaseti amene adutsa osati masiku a pa kalendala, pakuti sabata ya makaseti ochepa ndi sabata ya makaseti ambiri sizidetsa mankhwala mofanana. Sungani kaundula pafupi ndi makina, ndipo aliyense woyendetsa makinawo azilemba tsiku, chiwerengero cha makaseti ndi botolo limene wasintha.

Maso okha sangakuuzeni ngati ethanol walowedwa madzi, popeza amaoneka woyera chimodzimodzi. Muyezeni ndi hydrometer, chipangizo choyezera kulemera kwa zamadzimadzi: ethanol wopanda madzi amasonyeza pafupifupi 0.79 pa kutentha kwa madigiri 20, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti madzi achulukamo. Botolo lomaliza likayamba kusonyeza zimenezi, lisendezeni tsiku lomwelo minofu ina isanalowe m'makina.