Kugula monita ya ultrawide, yambirani apa

Achimwene mwafunsa kuti mugule ultrawide iti (monita yotambalala kwambiri m'mbali) ya magemu komanso ntchito za tsiku ndi tsiku. Chitani chonchi.

Choyamba onani makina anu musanayambe kusirira monita. Ngati mumasewera pa PS5 isiyeni chabe, PS5 siitulutsa chithunzi chotambalala cha ultrawide (21:9), muzangoona mizere yakuda m'mbali ndalama zitapita kale. Ngati ni PC onani graphics card (kadi yoyendetsa zithunzi), chifukwa ultrawide ya 3440x1440 ili ndi ma pixel (timadontho ta chithunzi) oposa kawiri a 1080p wamba, ndiye kadi ikakhala yofooka gemu izayamba kugwiragwira pomwe pafika potentha.

Chachiwiri saizi. Ya mainchi 34 ya 3440x1440 ndiye yeniyeni, Excel uku WhatsApp uku zonse zikwana. Ya 2560x1080 ili bwino pa mainchi 29 koma pa 34 zilembo zimaoneka zachimbuuzi, ine sindingagule olo itchipe bwanji. Pimaninso tebulo, 34 imadya pafupifupi masentimita 80.

Kenako liwiro la chithunzi likhale 144Hz kapena kuposa, ikhale ndi FreeSync (yothandiza kuti chithunzi chisamadukeduke pa gemu), ndipo lumikizani ndi chingwe cha DisplayPort chifukwa HDMI yakale nthawi zambiri siifika pamenepo. Pa mtundu wa sikirini, ya IPS mitundu imaoneka bwino, ya VA chakuda chimada zenizeni koma imasiya kamthunzi zinthu zikathamanga.

Manje pogula, kaya muno mu Chipata kaya yabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, iyatseni pompo, ikani chithunzi choyera kenako chakuda mufufuze timadontho takufa. Katoni musataye. Musiyeko kandalama ka surge protector, malaiti akabwera mwamphamvu monita imapsa.