Wina akati "kafukufuku wasonyeza", mufunseni izi

Mukamva kuti kafukufuku wasonyeza kuti fetereza uyu kapena mankhwala awa ndi amphamvu, yambani ndi kufunsa kuti anayerekeza ndi chiyani. Munda ukabereka bwino suulula chimene chaubereketsa. Mwina ndi feterezayo, mwinanso mvula inangogwa bwino chaka chimenecho. Pamafunika ndime ina pambali, yosamalidwa mofanana m'zonse, koma yosathiridwa chimene chikuyesedwacho.

Komabe nthaka ya m'munda umodzi sifanana. Kumunsi kumasunga chinyezi, pachulu pamakhala chonde. Woyesa akamasankha yekha pothira, dzanja limathamangira pabwino, ngakhale munthuyo alibe mtima wonama. Ronald Fisher, katswiri wa masamu amene anayamba ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, analimbikitsa kuti ndime zizigawidwa mochita maere, ndipo chinthu chilichonse chiziyesedwa m'ndime zingapo zomwazikana m'mundamo. A zachipatala anatsata njira yomweyi. Kafukufuku wa mankhwala a streptomycin ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1948, anagawa odwala chifuwa chachikulu m'magulu awiri mwamaere, kuti dokotala asaike amene akuoneka olimbako kugulu lolandira mankhwala.

Funsaninso kuti anayesa angati, ndipo ndalama anapereka ndani. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza nkhani ya dokotala wina, Andrew Wakefield, ndi anzake, yomwe inachititsa makolo ambiri kuopa kuti katemera wa MMR (woteteza chikuku ndi matenda ena awiri) amayambitsa autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu ena. Ana amene anawaunika anali 12 okha. Pambuyo pake zinadziwika kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo, ndipo sanaulule. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, koma mantha anali atafalikira kale, ndipo chikuku chinabwereranso m'madera amene makolo anasiya kubayitsa ana. Onani kuti nkhaniyi inatuluka m'magazini yolemekezeka, itaunikidwa ndi akatswiri ena. Dzina lalikulu palokha lisakugonetseni tulo.

Chimene ine ndimadalira kwambiri n'chakuti anthu ena, osadziwana ndi oyambawo, abwereze ntchitoyo kwina n'kupeza zomwezo. Ku Denmark anatsata ana oposa 650,000, ndipo mu 2019 anafotokoza kuti sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi autism. Pa zaulimi, funsani ngati anayesa nyengo zingapo komanso pa nthaka yonga yanu. Ngati yankho silikumveka, yesani pakandime kakang'ono kaye, pafupi ndi ndime ya njira yanu yakale.