Momwe mungatetezere abuluzi m'dera louma: njira ya ku Mokomoko

Kufupi ndi tauni ya Alexandra, m'chigawo chouma cha Central Otago ku New Zealand, anthu a m'deralo anatchinga mahekitala 14 a miyala ndi tchire kuti abuluzi a kumeneko asatheretu. Malowa amatchedwa Mokomoko Dryland Sanctuary, ndipo akuwasamalira ndi a Central Otago Ecological Trust, bungwe lomwe linayamba mu 2005. Ngati inu ndi anzanu muli ndi maganizo otere, tsatani izi.

Choyamba, dziwani chimene chikuwapha. Ku Otago ndi nyama zobwera ndi anthu: amphaka, makoswe, mbewa, akanungu ndi tinyama tonga likongwe. Buluzi wa mtundu wa Otago skink amatalika mpaka masentimita 30, amakonda kuwothera dzuwa pamwala, ndipo saikira mazira koma amabereka ana ochepa pachaka. Choncho mphaka akazolowera malowo, n'zovuta kuti abuluziwa achulukenso.

Kenako pezani chilolezo. Lamulo la Wildlife Act la 1953 limateteza abuluzi onse achilengedwe cha m'dzikomo, ndiye kuwagwira kapena kuwasamutsa kumafuna chilolezo cha Department of Conservation, nthambi ya boma yosamalira zachilengedwe. Kulikonse kumene muli, yambirani ku ofesi yoona za nyama zakutchire.

Chachitatu ndi mpanda, ndipo apa musaumire. Waya wake akhale wa timabowo ting'onoting'ono toti ngakhale kamwana ka mbewa kasalowe. Pamwamba ikani lata lopindikira kunja kuti mphaka akakwera aterereke, pansi mukwirire waya wina moyala kuti zokumba zigwe ulesi. Ku Mokomoko anayamba ndi kampanda kakang'ono koyesera mu 2009, koma mbewa zinalowa n'kumaluma abuluzi akuluakulu. Ambiri amaganizira za mphaka n'kuiwala mbewa, pamene ine ndikuona kuti mbewa ndiye ya kuiopa kwambiri, chifukwa imalowa m'ming'alu momwe buluzi amabisala pakazizira, pomwe alibe mphamvu zothawira.

Mukamaliza mpanda, tcherani misampha mpaka m'katimo musatsale chilombo chilichonse. Zulani mitengo ya paini yomera yokha, mubzale zitsamba za komweko zobala tizipatso, monga Coprosma, poti abuluziwa amadya zipatso kuwonjezera pa tizilombo. Milu ya miyala muisiye momwe ilili.

Abuluzi abwere pamapeto. Mu mpanda waukulu wa ku Mokomoko anawalowetsa mu 2018, patapita zaka mpandawo utamangidwa.

Ntchito yotsala ndi ya miyendo. Gawanani masiku oyendera mpanda, makamaka kukagwa mvula yamphamvu kapena kukawomba chimphepo, ndipo bowo lililonse litsekedwe tsiku lomwelo. Powerenga abuluzi musawagwire. Ajambuleni chapatali dzuwa likatuluka, chifukwa mawanga a buluzi aliyense ndi akeake, ndipo mukafananitsa zithunzi za chaka chino ndi za chaka chatha mudziwa amene adakali moyo ndi ana amene angobadwa kumene.